Kompyuta ya Malemu Alamu Anga

Anthu amene amandidziwa ku Nselema amati ndine munthu wosachedwa kupsa mtima ndi makina, ndipo sanama. Kompyuta ikangoyamba kuzengereza ndimaiuza mawu amene sindingawatchule ana ali pafupi. Koma sindinabadwe choncho. Zinayamba ndi kompyuta ina yakuda, ya alamu anga, imene ndinagwira nayo ntchito zaka zingapo ndili pachikamwini.

Kwathu ndi kwa Kalembo, ku Balaka. Makolo athu anachokera ku Mozambique, ndipo ine ndinakulira m'tchalitchi. Makompyuta ndinawaphunzirira ku Balaka tawuni, pa kashopu kena kotayipa ndi kujambula mapepala. Nditapeza mkazi ku Nselema ndinalowa Chisilamu, n'kumanga nyumba pakhomo pa apongozi monga mwa mwambo. Ndinakhala chimene mkamwini aliyense amakhala, munthu wotumidwa zonse koma wosafunsidwa kanthu.

Mkazi wanga anali ndi alongo ake awiri. Wamkulu ankagwira ntchito ku Joni, ndipo ndi yekhayo pa mbumba yonse amene ankandiyankhula ngati ndili ndi mutu. Chaka china atabwera kudzapuma anatsitsa m'galimoto ya katundu kompyuta yakale, ya bokosi, imene anaigula kwa anthu amene ankafuna kuitaya. Anaiika m'chipinda cha kutsogolo kwa nyumba imene anamanga pafupi ndi msika, n'kundiuza kuti, "Alamu, inu ndi amene mumazidziwa izi. Muzidyerapo ndi mlongo wangayu." Ndinayamba kuthira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mafoni, kutayipa makalata, ndi kukonza zithunzi za maukwati.

Vuto la munthu wabwinoyu linali loti sankadziwa kukana chaulere. Masabata amene anakhala pamudzi anawathera pa kompyutayo, kuikhutitsa. Anaikamo mafilimu a ku Nigeria ndi a ku India, ena kawirikawiri, nyimbo zosawerengeka, ndi mapulogalamu onse amene anzake ku Joni anamukopera. Opha mavairasi anaikamo awiri, poganiza kuti alonda awiri aposa mmodzi, osadziwa kuti awiriwo azingokhalira kulondana okhaokha. Ambiri mwa mapulogalamuwo ankadzuka okha kompyuta ikangoyatsidwa, n'kukakhala pakona pa sikirini osachita kanthu, kumangodya.

Makasitomala akandifunsa chifukwa chimene makina anga ankachedwera, ndinkawauza za nkhokwe ndi lichero. Hadi disiki ndi nkhokwe, m'mene zinthu zimasungidwa. Ramu ndi lichero, pamene kompyuta imaika chimene ikugwirapo ntchito nthawi imeneyo. Lichero likadzaza, imabwereka kamalo m'nkhokwe n'kumathamanga uku ndi uku, ndipo kuchedwa kumayambira pamenepo. Tsono yathuyi lichero lake linali laling'ono, kachidutswa kamodzi ka ramu, malo a kachiwiri ali pululu, ndipo nkhokwe nayo inali yodzaza mpaka pakamwa. Ena ankamva, ena ankangoti, "Basi tiikireni nyimbozo, alamu ake a bambo a ku Joni."

Ndinaiphunzira khalidwe lake. Ndinkaiyatsa m'mawa n'kupita kukasamba. Pobwera ndinkatseka kamodzikamodzi tonse tapakona tija, kenako n'kutsegula chinthu chimodzi chokha chimene ndikufuna. Pabokosipo panali kanyali kofiira. Kakamaphethira ndiye kuti zinthu zikuyenda, koma kakangoyaka osazima, disiki n'kumalira m'kati ngati chigayo chakutali, ndinkadziwa kuti ndichotse dzanja pa mawusi. Kudinadina nthawi imeneyo kunali kuwonjezera katundu pa munthu amene wagwa kale. Ndinawapempha alamu pafoni kuti ndichotse mafilimu obwereza aja, iwo n'kuseka. "Musandifufutire, alamu, ndidzaonera ndikadzabwera. Kachidutswa kachiwiriko ndidzabwera nako." Sanabwere nako, ndipo iwo eni ake sanabwerenso.

Anadwala masiku ochepa chabe. Anzawo a ku mzikiti anawaika komweko ku Joni, poti kwa Asilamu maliro sagonera nthawi yaitali, ndipo kunyamula thupi ulendo wonsewo kunali kosatheka. Kuno tinalira maliro opanda mtembo.

Apongozi anga aakazi, amayi a malemuyo, anali okalamba, ndipo m'maso mwawo munayamba ng'ala. Sanalire mokweza. Chimene chinkawavutitsa chinali china. Anamva kwa amayi anzawo kuti kumeneko alendo amakwiriridwa ndi makina, mumzere, opanda wowasambitsa. Ankafuna kudziwa ngati mwana wawo anavekedwa sanda, nsalu yoyera ija, ndiponso ngati anamugoneka cha kumanja, nkhope itayang'ana ku Maka. Usana ankakhala pakhonde n'kumafunsa mkazi wanga funso lomwelo, ngati kuti iye analiko.

Patatsala masiku ochepa kuti tichite arubaini, sadaka ya masiku makumi anayi imene imatseka maliro, kunabwera bambo wina wa ku Ngokwe amene ankakhala nyumba imodzi ndi malemu ku Joni. Anagwada pakhomo n'kufotokoza kuti zonse zinayenda mwadongosolo, shehe analipo, ndipo anthu anali ambiri. Apongozi anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Wofedwa aliyense amauzidwa zokoma. Kandimverere anakanena za m'maluwa." Pamenepo bamboyo anatulutsa fulashi yokhala ndi kanema wa malirowo. Anati mnzawo wina anajambula mwambo wonse pa foni yake yatsopano, kuyambira ku mzikiti mpaka kumanda. Pa foni apongozi sakanaona kanthu, poti ngakhale mdzukulu wawo ankamuzindikira akafika pafupi. Sikirini yaikulu pa mbumba yonse inali ya kompyuta ija.

Apa ndi pamene analowerera amjomba, mlongo wawo wa apongozi, mwini mbumba. Musaganize za munthu waukali. Anali bambo wofatsa, wogula nandolo ndi thonje, womwetulira nthawi zonse, ndipo kumwetulira kwawoko ndi kumene kumandiwawa mpaka lero. Munthu wokalipa umatha kukangana naye. Wokukana akumwetulira umangotsala wekha ndi mkwiyo wako.

Poyamba anakana zoti kanemayo aonetsedwe, chifukwa kwathu kuno akazi safika kumanda, ndiye kuwabweretsera manda m'nyumba kunali kuzemba mwambo podzera pawindo. Mlongo wawo atasiya kudya, amjomba anapita kukafunsa kwa shehe, n'kubwera atafewa pang'ono. Anati aonere kamodzi, chitseko chili chotseka, sadaka isanachitike. Ikangochitika, nkhani ya maliro yatha, palibenso kuitukula. Fulashi anaiika m'thumba la mkanjo wawo.

Tsiku loyesa anabwera nayo ku shopu, limodzi ndi mlamu wanga wamng'ono, bambo wa ana awiri amene aliyense ankadziwa kuti diso lake lili pa kompyutayo. Nditatsegula kanemayo ndinadziwa msanga kuti tapsa. Anali wolemera, wojambulidwa ndi foni ya masiku ano, yoonetsa mpaka thukuta pamphumi. Mawu ankayenda bwinobwino, koma chithunzi chinkayenda pang'ono n'kuima, kenako n'kudumpha kukapeza mawu kutsogolo. Kanyali kofiira kanayaka osazima.

"Amjomba," ndinatero, "kanemayu ndi wamkulu, makinawa sakumukwanitsa. Pali njira yomuchepetsa kuti apepuke, koma pafunika malo m'kati umu. Ndiloleni ndichotse mafilimu ena, amene alimo awiriawiri, ndi mlonda mmodzi wa mavairasi."

"Mafilimuwo anaikamo ndani?"

"Malemu."

"Ndiye ndi katundu wa malemu, bambo. Sitinagawe."

"Koma si njinga kapena mbuzi, amjomba. Ofanana nawo atsala momwemo."

"Elo, eya, ndamva," anatero akumwetulira. "Ngakhale malaya atakhala awiri ofanana, simungatenge amodzi arubaini isanakwane. Mawa wina adzati mkamwini anafufuta zinthu za mwana wathu tisanazione. Ndikukutetezani inu nomwe."

Ndinapempha kuti ndiwasamutsire kwina, ndidzawabwezere pambuyo. Anati kusamutsa ndi kuchotsa ndi mwana ndi amake. Ndinati ndiye andipatse fulashiyo ndithamange nayo ku Balaka, kwa abwana anga akale, kumene kuli makina amphamvu, ndikamuchepetse kanemayo ndibwere naye madzulo. Anagwira thumba la mkanjo n'kunena kuti, "Manda sakwera minibasi, bambo. Mukufuna anthu achilendo akaonerere mwana wathu akulowa m'dothi?" Tinabwereka wailesi yakanema ya aneba, yolandira fulashi, koma inangolemba kuti siikumudziwa kanemayo.

Sindikunena kuti mwambo wosakhudza za malemu ndi wopusa. Ndinaonapo kwathu kwa Kalembo abale akukanganirana malata mtembo uli m'nyumba. Koma mwambowo unaikidwa kuti uteteze ofedwa, ndipo apa unkateteza mafilimu a ku India kwa mayi wofuna kuona manda a mwana wake. Ndinakwiya kwambiri, ndipo chimene chinandiwawa koposa n'choti ndinalibe pokwiyira. Mkamwini akakweza mawu pamaliro, nkhani imasiya kukhala ya maliro n'kukhala ya iye.

Masiku otsalawo amjomba ankabwera ndi fulashi m'mawa uliwonse, n'kusiya mlamu wamng'ono uja kuti azindiyang'anira. Ndinachita zonse zimene munthu angachite osafufuta kanthu. Ndinatsegula bokosi n'kupukuta fumbi. Ndinazula kachidutswa ka ramu kaja, kukapukuta mano ake ndi labala, n'kukabwezera, ngati kuti kakula chifukwa chosamba. Ndinachotsa chithunzi cha pasikirini ndi zokongoletsa zonse. Ndinatsegula kawindo kosonyeza mapulogalamu amene akudya ramu, n'kumawaimitsa limodzilimodzi. Mlamu ataona mayina akuzimiririka pamndandanda anadzuka n'kupita kukanena kuti ndayamba kuchotsa zinthu. Zinatengera kuzimitsa kompyuta ndi kuiyatsanso amjomba akuona, kuti akhulupirire kuti zonse zabwerera. Zinabwereradi, zonse, ndi njala yake yomwe ija. Alonda awiri aja sankalola n'komwe kuimitsidwa.

Ndinayesa kumuchepetsa kanemayo ndi kamalo kamene kanalipo. Ulendo woyamba pulogalamu inafika pakati n'kudzitseka yokha. Ulendo wina inkaoneka ngati ikuyenda, pang'onopang'ono, ine ndili phee osagwira ngakhale tebulo, ndiye magetsi anazima. Ndinatuluka panja n'kukaima kuseri kwa nyumba kuti mlamu asaone nkhope yanga.

Tsiku loonera linali loti mawa lake ndi sadaka. Pabwalo amayi ankapeta mpunga, anyamata akuwaza nkhuni. Apa panalinso china. Ine ndi apongozi aakazi tinkapewana, monga amachitira mkamwini ndi apongozi ake. Chikwatirire changa sitinakhalepo pamphasa imodzi kapena kuyang'anana kumaso. Tikakumana panjira wina ankapatuka, ndipo mawu athu ankadzera mwa mkazi wanga. Tsono iwo anayenera kukhala pafupi kwenikweni ndi sikirini kuti aone. Tinaitsitsa n'kuiika pa kampando kafupi, patsogolo pa mphasa yawo. Ine anandikhazika kuseri kwa katani wa pakhomo la chipinda cham'kati, ndi kiyibodi pamiyendo ndi bokosi pambali panga, zingwe zitadutsa pansi pa katani. Woyendetsa makina ndinali ine, koma sikirini sindinkaiona. Ndinkangoona kanyali kofiira.

Ndinali nditakonzeratu zonse kuti ndingodina batani limodzi. Mkazi wanga atati, "Yambani," ndinadina. Munamveka phokoso la galimoto za ku Joni, mphepo, ndi mawu a amuna akuyankhula zinenero zosakanikirana.

"Akutuluka mu mzikiti," anatero mkazi wanga, kuuza amayi ake. "Anyamula jeneza. Mukuona, amama? Anthu ambiri."

"Ndikuona zoyera," anayankha apongozi.

Kanyali kankaphethira, ndipo ndinayamba kukhulupirira kuti mwina Mulungu atichitira chifundo. Chithunzi chinkaima n'kuyambanso, koma poyenda ndi jeneza, chonyamulira maliro chija, kudumpha pang'ono sikunasokoneze kanthu. Kenako mawu anasintha, phokoso la msewu linatha, shehe anayamba duwa, pemphero la Chisilamu. Nthawi yomweyo mmodzi wa alonda aja anadzuka kuyamba ntchito yake yofufuza, monga ankachitira pa nthawi imene iye wafuna. Ndinamva disiki ikuyamba kulira, ndipo kanyali kanayaka osazima.

"Yaima," anatero mkazi wanga.

"Yaima pati?"

"Pa nsapato za anthu. Ndi dothi lofiira."

Mawu okha ndi amene ankapitirira. Tinamva amuna akulangizana, wina akuti gwirani uko, wina akuti pang'onopang'ono. Tinamva matabwa akugundana. Kenako mafosholo. Apongozi anamva zonsezo akuyang'ana nsapato za anthu osawadziwa. Chithunzi chitadzidzimuka, mkazi wanga ananena motsitsa mawu kuti, "Akwirira kale."

Ndinapempha kuti ndibwereze malo omwewo. Mkazi wanga anandilondolera dzanja ndi mawu, kumanzere pang'ono, bwererani, pamenepo. Nditadina, pulogalamu inaganiza nthawi yaitali, kenako inadzitseka. Anandiwerengera uthenga umene unatuluka, woti malo ogwirira ntchito atha, nditseke zina. Ndinaseka ndekha kuseri kwa katani, kuseka koipa, chifukwa zotseka zinali zitatha kalekale. Ndinazimitsa n'kuyatsanso, tonse tikudikira zinthu za malemu zidzuke chimodzichimodzi. Ulendo umenewo inaimira pa mitambo, wojambulayo atakweza foni, ndipo inadumphanso pomwe paja.

"Zakwana," anatero amjomba, mofatsa. "Alendo ayamba kufika."

Kenako ndinamva mphasa ikukhwekhwereza, ndipo mawu a apongozi anabwera molunjika pa katani, osadzera mwa mwana wawo. Chikwatirire changa anali asanandiyankhulepo choncho.

"Apongozi, palibenso chimene mungachite?"

Ndinasuzumira m'mbali mwa katani kuyang'ana amjomba. Iwo ankayang'ana zikhadabo zawo.

"Chilipo, amayi," ndinatero. "Koma si changa."

Sanafunsenso. Mkazi wanga anawadzutsa, n'kutuluka nawo. Amjomba anazula fulashi okha n'kuibwezera m'thumba, ndipo potuluka anandisisita paphewa n'kunena kuti ndayesetsa.

Sadaka inachitika bwino. Anthu anadya mpunga ndi mbuzi, mashehe anawerenga, ndipo pambuyo pake katundu anagawidwa popanda mkangano, zimene amjomba anayamikiridwa nazo kwambiri. Kompyuta inapita kwa mlamu wamng'ono, monga aliyense ankayembekezera, ndipo fulashi anamupatsa pamodzi nayo. Sabata isanathe anabwera kwathu akuimba mluzu.

"Alamu, makina aja akuchedwa kwambiri. Tabwerani mudzachotse zinyalala zonse zija, ndikufuna ndiikemo nyimbo zatsopano."

Zinyalala. Ndinamuyang'ana nthawi yaitali, iye osamvetsa chimene ndikumuyang'anira. Ndinapita. M'mawa umodzi wokha ndinachotsa mafilimu obwereza, mlonda mmodzi, ndi mapulogalamu onse odzidzutsa okha. Disiki inapuma. Kompyuta yomwe ija, ndi kachidutswa kake kamodzi ka ramu, inayamba kutsegula zinthu ngati yatsopano. Ndinapempha fulashi n'kumuchepetsa kanema uja, ndipo inamaliza popanda kudandaula. Mlamu anali atapita kumsika, ndiye ndinaonera ndekha, kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto, osaima pena paliponse. Sanda inali yoyera bwino. Amuna atatu anatsikira m'manda, anamulandira ndi manja awiri, n'kumugoneka cha kumanja m'kachipinda ka m'mbali, ndipo mmodzi anamukonza mutu mosamala asanaike matabwa. Ndinalira pamenepo, kulira kumene sindinalire pamaliro.

Ndinapita kunyumba pafupifupi chothamanga, n'kuuza mkazi wanga kuti akawauze amayi kuti tsopano zikuoneka, zonse, ndipo amjomba sayenera kudziwa. Apongozi anali kuseri kwa mpanda, akusola nandolo. Ine ndinaima kunja kwa mpandawo, pamene mkamwini amaima, ndipo ndinamva mkazi wanga akufotokoza mofulumira. Nandolo zinasiya kugwera m'beseni.

"Sadaka tinachita," anatero apongozi. "Ndinamutsanzika mwana wanga pamaso pa anthu, ndinamusiya m'manja mwa Mulungu. Ndinamuika ndi makutu, maso anga atandikanira. Tsopano mukufuna ndimufukule kuti ndimuikenso?"

"Koma amama, bambo a kwathu aona. Akuti anamugoneka..."

"Ngwamba, ayi. Asandiuze. Ndinawapempha tsiku lake."

Mkazi wanga anatuluka akupukuta maso ndi chitenje, ndipo anandidutsa osandiyang'ana. Ndinakhalabe chiimire kunja kwa mpanda, ndikudziwa chimene mayiyo ankafuna kudziwa, mpaka nandolo zinayambanso kugwera m'beseni.